Tsiku Limene Ndinakalipira Filimu ku Jumbe

1

Dzina langa ndine Lena, koma mukafika ku kampu ya masikauti, alonda a nyama zakutchire, kufupi ndi geti ya paki ku Mfuwe n'kufunsa dzina limeneli, akuuzani kuti kulibe munthu wotero. Funsani amake Paskale. Akulozerani nyumba ya kumapeto, ya mpanda wa tsabola wothamangitsira njovu, ndipo akutsinani khutu kuti mayi ameneyo ali ndi pakamwa. Sakunama ayi. Pakamwa pomwepo ndi pamene panandivula pamaso pa anthu odzaza holo, banja langa n'kutsala pang'ono kutha, zonsezi chifukwa cha buku.

Bukulo ndi lachinyanja, mutu wake Pansi pa Msikidzi. Muli mtsikana wa kuchigwa kuno, Felister, amene akufunidwa ndi amuna awiri. Wina ndi mphunzitsi wa njinga ndi nsapato zonyezimira. Wina ndi sikauti, Paskale, wamfupi, wosadziwa mawu otsekemera, koma wa mtima wa mwamuna. Kumapeto mtsinje ukusefukira, Paskale akum'bereka Felister n'kumuolotsa ng'ona zikuyang'ana, ndipo pansi pa mtengo wa msikidzi akumuuza mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka ndimasiya kaye kutsuka mbale.

Nkhaniyi ndinaimva kwathu ku Msoro ndili mtsikana. Nthawi imeneyo nanenso ndinali ndi ondifuna awiri. Humphrey, mphunzitsi wachinyamata, ndiye anandibweretsera bukulo.

"Muwerenge, Lena," anatero. "Mukamaliza mudzandiuze zimene mwapezamo."

Koma inali nyengo ya thonje. Manja anali pa ntchito tsiku lonse, kusankha zinyalala ndi kupondera m'mabelo, ndiye buku linangokhala pa zenera. Wachiwiri uja, Jethro, sikauti wa m'mudzi, ankabwera masana ati kudzatithandiza kunyamula mabelo. Kwathu mnyamata sangangokhala pansi n'kumacheza ndi mtsikana amayi ake ali pomwepo, choncho ankangoimaima pabwalo ngati wadzagula nkhuku. Tsiku lina amayi anatopa naye.

"Inu, m'malo motitchingira mphepo, tengani buku lili apolo mutiwerengere."

Kuyambira pamenepo masana alionse Jethro ankakhala kumapeto kwa khonde n'kumawerenga, ine, amayi ndi mkulu wanga Delia tikusankha thonje. Atamaliza mutu wotsiriza ine misozi inali mbwee. Mawa lake ndinam'bwezera Humphrey buku lake.

"Zikomo, aphunzitsi. Bukuli landiuza munthu woti ndikwatiwe naye."

Anamwetulira mpaka mano a kumapeto kuoneka. Mwezi usanathe ankhoswe a Jethro anafika kwathu, ndipo Humphrey anasiya kundipatsa moni. Mwana wathu woyamba atabadwa sindinafunse munthu dzina.

2

Ku kampu kuno palibe mkazi wa sikauti amene sadziwa nkhani ya Felister. Ndinawafotokozera ndine, pa mjigo, pa chigayo, ngakhale pa maliro tikamasenda anyezi. Amuna athu akapita ku patirolo ya masiku ambiri m'tchire, ife mitima ili m'mwamba, anzangawo ankabwera kwanga n'kuti, "Amake Paskale, tiuzeninso paja pa mtsinje." Inali nkhani yathu. Ndani wina analembapo buku loti sikauti, wa malipiro ochedwa ndi mabuti ong'ambika, n'kupambana mphunzitsi?

Ndiye tangoganizani chisangalalo pamene Dora, mnansi wanga, anabwera akuthamanga foni ili m'manja.

"Amake Paskale! Apanga filimu! Anthu a ku Lusaka apanga filimu ya buku lathu! Akaonetsa ku Jumbe pa Saturday, 14 hours, mu holo ya pasukulu. Ahedi ake ndi a Humphrey aja a kwanu."

Ndinavina ndi chidebe pamutu. Madzulo ndinauza mwamuna wanga akumwa tiyi, ndipo tiyiyo anam'tsamwa mpaka ndinachita kumumenya pamsana.

"Mafilimu amaononga mabuku," anatero atapeza mpweya. "Musapiteko."

"Mwaonerapo angati?"

"Komanso maminibasi a ku Jumbe alibe mabuleki."

"Tabwereka kanta ya a Amon."

"Nanga njovu zikalowa m'munda?"

"Masana dzuwa lili pamutu? Bambo a Paskale, mukudwala?"

Sabata imeneyo munthu anasintha. Jethro amene amadya mpaka kufunsa ngati m'poto mwatsala, anayamba kusiya nkhwani m'mbale. Ndinamva kuti anapita kwa akuluakulu ake kukapempha kuti amuike pa patirolo ya Loweruka, iye amene amadandaula bondo chaka chonse, koma anamukaniza. Kenaka Lachinayi anati akupita ku msonkhano wa ku ofesi. Madzulo ake Dora anandikokera kuseri kwa bafa.

"Sindikufuna kukupasulirani banja, anzanga. Koma mlamu wanga wawaona amuna anu ku Jumbe lero. Avala shati ya ku tchalitchi, anyamula nkhuku."

Nkhuku! Ndinathamangira kukhola, ndipo tambala wanga wofiira kunalibe.

3

Ndinadikira kuti asambe, akhale pansi.

"Msonkhano unayenda bwanji?"

"Bwino."

"Tambala wanga anayankhulapo chiyani pa msonkhanopo?"

Anayang'ana pansi. Ine mtima unali kuwawa zenizeni, musaone ngati ndikuseka. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira kuti anzanga amafufuza m'mafoni a amuna awo, ine ayi, chifukwa ndinakwatiwa ndi Paskale weniweni. Lero Paskale wanga akunyamula nkhuku kupita nayo ku Jumbe.

"Kuli ndani ku Jumbe, bambo a Paskale? Wa mu saluni? Wogulitsa mabanzi pa siteji? Ndiye chifukwa chake simukufuna kuti ndikapondeko?"

"Si zimene mukuganiza, amake Paskale."

"Ndiye ndi ziti?"

Anayamba kusisita bondo lake lija.

"Chabwino," ndinatero. "Loweruka tipitira limodzi. Mukhala pambali panga, kutsogolo, muvalenso shati yomweyo. Ameneyo akationere bwino."

Loweruka tinakwera kanta, akazi a ku kampu tonse titavala chitenje chofanana, tikuimba njira yonse. Mwamuna yekhayo m'galimotomo anali Jethro, atakhala pa tayala la sipeya, nkhope ngati akupita kukazula dzino.

4

Holo inadzaza. Mazenera anawatchinga ndi mabulangete, kunja jenereta ikulira. Ine maso anali uku ndi uku kufunafuna mkazi amene ayang'ane mwamuna wanga kawiri, koma amene anamuyang'ana anali mmodzi yekha, Humphrey. Wanenepa tsopano, dazi lafika pakati. Anabwera kudzatipatsa moni.

"Mwaswera bwanji, amake Paskale? A Jethro, mwabwera ndithu?"

"Ndabwera," anayankha mwamuna wanga ndi mawu a munthu wodwala malungo.

Filimu itangoyamba mavuto anayambanso. Felister anatulukira akupita kumadzi atavala wigi yofika m'chiuno, zikhadabo zopenta, chidebe chili mbee chopanda madzi.

"Ameneyu angasankhe thonje?" anafunsa Dora mokweza, holo yonse n'kuseka.

Mtengo umene ankati msikidzi unali mango. Mtsinje unali kamfuleni koti mwana angalumphe. Njovu inaoneka kamodzi, ndipo aliyense wa ku Mfuwe anaona kuti njovuyo ili kwina, anthu ali kwina, anangolumikiza. Zonsezi tinapirira. Tinati a ku Lusaka sadziwa chigwa, tiwakhululukire, bola Paskale.

Paskale anatulukira. Mimba kutsogolo, yunifolomu yosamanga mabatani, botolo la kachasu m'thumba. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kulandira mwendo wa mbawala kwa opha nyama mozembera. Chachiwiri, anakumana ndi njiri panjira, n'kutaya mfuti, n'kukwera mumtengo akulira mayo. Ana a sukulu anagubuduka ndi phwete. Mzere wathu wa chitenje chofanana unangoti zii.

"Mwina asintha kutsogoloku," ananong'ona Dora.

Sanasinthe. Madzi atasefukira, Paskale anali gone m'shabini. Amene anabwera ndi bwato, tayi ili pakhosi, anali mphunzitsi. Ndipo pansi pa mango paja Felister anagwira dzanja la mphunzitsiyo n'kunena kuti, "Ndasankha kuwala, ndasiya mdima."

Apa ndiye magazi anandikwera.

5

Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangopezeka ndili kutsogolo, chithunzi cha Felister chikuonekera pa bulauzi yanga.

"Zimitsani! Zimitsani bodzali!"

Wina anayatsa magetsi.

"Anthu inu, musanamizidwe! Buku silitero! Akuba a ku Lusaka atenga nkhani yathu n'kuitembenuza chifukwa amanyoza masikauti. Amuna athu amagona m'tchire ndi mikango kuti iwo azibwera kudzajambula njovu, malipiro ake ndi amenewa? Paskale sanamwepo mowa! Paskale anaolotsa Felister pamsana! Mphunzitsi uja anathawa madzi asanafike m'maondo!"

Akazi a ku kampu anaimirira onse. "Zoona! Atibwezere nkhani yathu!"

Humphrey anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo, monga amachitira ahedi.

"Amake Paskale, pepani. Wigi ija nanenso yandinyansa, ndipo mtengo uja ndi mango, tonse taona. Koma nkhaniyo sanasinthe. Bukuli ndaliphunzitsa kwa zaka zambiri. Paskale ndi chidakwa kuyambira tsamba loyamba."

"Bodza! Nsanje basi! Mpaka lero simunaiwale?"

Holo inati "Hiii!" Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, koma ine tsiku limenelo ndinali nditaiwala miyambi yonse.

"Munaliwerenga nokha bukuli, mayi?" anafunsa Humphrey mofatsa.

"Anandiwerengera amuna anga, mutu woyamba mpaka wotsiriza! Ali apa. Bambo a Paskale, imirirani muwauze!"

Jethro anali atatsetsereka pa benchi mpaka kungotsala chipewa. Anaimirira ngati nkhalamba. Thukuta linali kamukamu.

"Auzeni!"

"Amake Paskale," anatero, "filimuyi ili bwino."

"Mwati chiyani?"

"Ndi mmene lilili buku. Ndinayamba kuwerenga bwinobwino tsiku loyamba lija. Ndiye madzulo ndinasuzumira kutsogolo, n'kuona kumene nkhani ikupita. Ndinaona kuti aphunzitsiwa sanakupatseni buku, anakupatsani kalata yofunsira mbeta. Ndiye ine ndiwerenge ndi pakamwa panga kuti sikauti ndi chitsiru, amayi anu akumva? Ndinangoyamba kukonza pang'ono."

"Pang'ono?"

"Kenaka zinakula."

Munthu wina kumbuyo anayamba kuseka, kenaka holo yonse. Humphrey anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndakhala ndikudzifunsa kuti mtsikana uja anawerenga bwanji buku langa n'kukasankha sikauti. Ndinafika poganiza kuti mwina sindidziwa kuphunzitsa. Ndamva Lachinayi lomweli, bamboyu atabwera ndi tambala kudzandipempha kuti ndinene kuti jenereta yafa."

"Tambalayo ali kuti?" anafunsa Dora.

"Tinadya, mayi. Koma jenereta ndi ya komiti, sindikananama."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana anzanga a chitenje chofanana, amene ndinawadyetsa nkhani imeneyi zaka zonsezi, ndipo palibe anandiyang'ana kumaso. Ndinatuluka, n'kukwera galimoto yoyamba yolowera ku Msoro.

6

Amayi anatisiya kalekale, pakhomo pano pali Delia. Anandilandira osafunsa kanthu, chifukwa nkhani inali itafika kale pa foni ine ndisanatsike galimoto. Ndinakhala masiku angapo ndikungolira ndi kukalipa.

Manyazi a mu holo ndikanatha kuwapirira. Chimene chinkandidya ndi china. Ine ndimadziwika kuti ndine mkazi wosapusitsika, wogula nsomba ataiyang'ana m'makha. Ndiye zoona mwamuna ndinasankha ndekha, kapena anandikola ngati mbewa? Banja lonseli, ana, dzina limene anthu amandiitanira, zonse zinamera pa bodza la pakhonde?

"Ndikufuna ankhoswe," ndinamuuza Delia tikusenda chinangwa. "Anatinamiza tonse. Ine, inu, ngakhale malemu amayi."

Delia anaseka mpaka mpeni kugwa.

"Anakunamiza wekha, mng'ono wanga."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Lena, munthu angawerenge kuchokera dzuwa lili apa mpaka kukalowa, osatembenuza tsamba? Amayi anazindikira tsiku lachitatu. Ankandigwira ndi chala chakuphazi kuti ndisaseke. Tsiku lina mphepo inam'tsekera buku, iye osaona n'komwe, kumangopitiriza."

"Ndiye osandiuza?"

"Amayi anati tim'siye. Anati mnyamata amene angapeke nkhani masabata onsewa, thukuta lili chuchuchu, kuopa kutaya mwana wanga, ameneyo sadzam'gonetsa ndi njala. Komanso anati nkhani yake ikukoma, tione mmene aithetsere."

"Nanga ine bwanji sindinaone?"

"Ukanaona bwanji tsamba? Iwe maso anali pa ndevu zake zitatu zija. Thonje lako lonse tinkachita kubwereza kusankha."

Delia anatola mpeni wake.

"Tandiuza. Ku Jumbe kuja, usanadziwe chilichonse, unaona mphunzitsi akutenga mtsikana, bwato lake, tayi yake. Unakondwa?"

"Ndinafuna kuphwanya chinsalu chija."

"Ndiye ukuti anakukola ndani? Akanawerenga zoona pakhonde paja, bukulo ukanaliponya pamoto."

Ndinapitiriza kusenda chinangwa. Chinali chitasendeka kale, koma ndinapitiriza.

7

Jethro anafika Lamlungu la sabata yotsatira masana pa njinga yamoto yobwereka, fumbi mpaka m'nsidze. Anaima pabwalo osadziwa poika manja.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anapereka moni kwa Delia, maso ali kwa ine.

"Taswera. Ine ndikupita kudimba," anatero Delia, ngakhale kuti dimba lake linauma mwezi watha.

Tinatsala awiri.

"Ndinalakwa, amake Paskale. Chaka chilichonse ndinkati ndikuuzani. Ndiye mwana anabadwa, inu n'kutchula dzina lija musanandifunse. Ndikanayambira pati?"

"Mawu aja a pansi pa msikidzi," ndinatero, "aja akuti sindidzakulonjeza nyumba ya malata, koma mvula ikadzabwera idzayamba yanyowetsa ine. Analemba ndani?"

"Palibe. Ndinkawakonza popita ku patirolo."

"Anali a Felister?"

"Felister sindimudziwa ine."

Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Mkwiyo ndinali nawobe, koma unali utayamba kuchepa mphamvu, ndipo zimenezi zinandikwiyitsanso.

"Mundigulira tambala wina," ndinatero. "Wofiira."

"Ndagula kale."

"Ndipo akazi a ku kampu mukawafotokozera nokha. Ine sindikatsegulako pakamwa."

Apa anakanda m'mutu. "Abwera kale kunyumba, a Dora ndi anzawo. Ndimayesa adzandimenya. Akuti filimu ija alibe nayo ntchito, buku lenilenilo asalionenso. Akufuna kudziwa ngati Paskale ndi Felister anabereka ana."

"Munawayankha chiyani?"

"Ndinati ndiyambe ndafunsa kunyumba."

Ndinakwera njinga ija. Njira yonse sindinamuyankhule, koma ndinam'gwira m'chiuno, chifukwa msewu wa ku Msoro mukuudziwa.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amene munatulukapo mu filimu mukutukwana kuti aononga buku lanu, ine sindikuletsani. Tukwanani ndithu, mawigi aja ndi osakhululukika. Koma musanaime kutsogolo kwa anthu ngati ine, yambani mwadzifunsa kuti buku limene mukulirira lili pa pepala kapena lili mwa inu, ndipo analiika mmenemo ndani. Ine langa ndinalipeza kuti silinasindikizidwepo. Wolemba wake amaliza mkonono, amaiwala tsiku langa lobadwa, ndipo amaba nkhuku za mkazi wake. Bodza lake sindikuliyamikira, ndipo atsikana musalole kuwerengeredwa chinthu chimene mungathe kuwerenga nokha. Koma ndanena kuti ndiulula zonse, ndiye ndinene: buku lenileni lija Humphrey ananditumizira, ndinaliwerenga ndekha mpaka kumapeto, ndipo ndi lozizira ngati phala la dzulo.

Chovuta chinatsala chimodzi. Filimu ija inafika ku Chipata, kumene mwana wathu ali ku sekondale. Anandiimbira foni mawu ali olemera.

"Amayi, anzanga akundiseka. Akuti ndikwere mumtengo, njiri ikubwera. Zoona munanditcha dzina la chidakwa chija?"

Bambo ake anali pakhomo akusoka buti, ndipo ndinaona singano itaima.

"Ayi, mwanangu," ndinatero. "Wa mu filimu uja sitikumudziwa. Iwe ndinakutcha dzina la bambo ako."